Art Bell sankadula foni. Nanga ife?

Ndikudziwa ena muli m'basi kupita ku shifiti, ena mukutsuka mbale ku Johannesburg, ena mwangogoneka kumene ana. Nkhani ya lero ndi yotalikirapo, ndiye ngati pali tiyi, thiranitu.

Miyezi itatu yapitayo achimwene amene amayendetsa podcast ino anandiimbira foni. Akuti omvera akhala akupempha chinthu chimodzimodzi: pakhale gawo loti anthu aziimba, azifotokoza maloto awo, za mizimu, za m'banja, zodabwitsa zimene anaziona ndi maso koma sangayerekeze kuuza mzungu wa kuntchito. "Iwe si ukuphunzira za mawailesi? Tenga gawo limeneli." Ndinavomera pompo, nanga ndani amakana maikolofoni. Nditaika foni pansi m'pamene mantha anandigwira, ndipo ndinachita zimene ana a sukulu timachita tikaopa: kukafufuza amene anaigwirapo bwino ntchitoyo. Umu ndi mmene ndinagwera m'manja mwa Art Bell.

Ndimagwira ntchito usiku m'nyumba yosamalira okalamba kuno ku Leeds, maola 20 pa sabata amene visa ya mwana wa sukulu imalola. Kuyambira 2 koloko mpaka cha m'ma 4 m'bandakucha m'nyumbamo mumakhala zii, mumangomveka firiji ndi chifuwa cha agogo ena kuchipinda chakumapeto. Nthawi imeneyo ndi imene ndamvera mapulogalamu ake akale amene okonda munthuyu anawaika pa YouTube, khutu limodzi kwa iye, linalo kudikira belu la odwala. Ndipo imeneyo ndiye nthawi yake. Ndinayesapo kumumvera masana m'laibulale, sizinakome. Paja kwathu ankatiletsa kukamba nthano dzuwa likuwala.

Kwa amene simukumudziwa: Art Bell anali muulutsi wa ku America, wobadwa mu 1945, ndipo anamwalira pa 13 April 2018. Anatchuka ali pa wailesi ya KDWN ku Las Vegas, kumene ankayendetsa pulogalamu ya usiku yokambirana za ndale. Mu 1988 pulogalamuyo inapatsidwa dzina loti Coast to Coast AM, ndipo kenaka anayamba kuiulutsa ali m'nyumba mwake ku Pahrump, tauni ya m'chipululu cha Nevada, yekhayekha m'kachipinda, mabatani onse akudina yekha. Pang'onopang'ono ndale zinachepa, m'malo mwake munalowa mbale zouluka, mizukwa, ziwanda, zinsinsi za boma, maulosi a kutha kwa dziko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mawailesi oposa 400 ankatenga pulogalamuyo, omvera ali m'mamiliyoni. Mu 2003 George Noory anatenga mpandowo ndipo pulogalamuyo ilipobe, koma ine ndikukamba za nthawi ya mwini wakeyo.

Kuti usiku unamuyanja, mbali ina ndi nkhani ya mafunde chabe. Mafunde a AM masana sapita patali chifukwa dzuwa limapanga gawo lina m'mlengalenga limene limawameza. Dzuwa likalowa gawolo limazimiririka, mafunde amakagunda kumwamba kwambiri n'kudzagwera kutali. Amene munakulira kumudzi mukukumbukira kuti usiku kawailesi ka agogo kankagwira masiteshoni achilendo amene masana kunalibe. KDWN inali ya mawati 50,000, ndipo usiku inkamveka mbali yaikulu ya kumadzulo kwa America. Amene anali maso nthawi imeneyo ndi oyendetsa mathiraki, alonda, anamwino, ndi osowa tulo. Anthu ngati ife, tingotero.

Chimene chinandidabwitsa koyamba n'choti analibe munthu wosefa mafoni. Pa mawailesi ambiri ukaimba umayamba walankhula ndi wina amene amakufunsa chimene ukufuna kunena, akamva kuti walawako kapena mutu sukuyenda bwino amakudula muulutsi asanakumve n'komwe. Bell ankangodina batani, amene ali pamzerepo walowa. Anali ndi manambala angapo: ya okhala kum'mawa kwa mapiri a Rockies, ya okhala kumadzulo kwake, ya amene akuimba koyamba. Masiku ena ankatsegula nambala yapadera, kuti lero iyi ndi ya okhawo amene anagwirapo ntchito ku Area 51, malo obisika a asilikali aja a ku Nevada komweko, kapena ya amene achokera m'tsogolo kubwerera ku nthawi yathu ino. Mukuseka, inenso ndinaseka. Koma mafoni ankalira.

Mu February 1997 munthu wina wodzitchula Mel Waters analankhula naye pa wailesi kuti pamalo pake, pafupi ndi Ellensburg m'chigawo cha Washington, pali dzenje lopanda mathero. Akuti anthu akhala akutayamo zinyalala zaka ndi zaka osadzaza. Akuti anatsitsamo chingwe cha mbedza chotalika mafiti 80,000, amene ndi makilomita pafupifupi 24, osagunda pansi. Akutinso munthu wina anaponyamo galu wake wakufa, kenaka n'kudzamuona galuyo ali moyo. Dzenjelo palibe analipezapo mpaka lero, ndipo amene anafufuza m'mabuku a deralo sanapezemo dzina la munthuyo. Bodza, tinene choncho. Koma kamvereni mmene Bell akuchezera naye. Sakumuseka. Sakufuulanso kuti izi ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Akufunsa mafunso a mmisiri, a kukula kwa dzenjelo, a chingwecho, a zimene anansi amanena. Mawu ake ndi a munthu amene akufunadi kumva mathero a nkhaniyo, ndipo kukayika kwake kumangomveka pang'ono, ngati mchere wa m'phala.

Ndamvera aulutsi ambiri, kwathu ndi kuno komwe, akalandira nkhani yachilendo. Ena amasanduka aphunzitsi nthawi yomweyo: ayi bambo, zimenezo ndi kusaphunzira, pitani kuchipatala, tilandire foni ina. Ena amasanduka aneneri: mayi, limenelo ndi tsoka la m'magazi, imbani nambala iyi mawa. Onsewo vuto lawo ndi limodzi, amafulumira. Woimba foni asanamalize chiganizo, iwo adziwa kale chimene chikumuvuta. Bell chuma chake chinali nthawi. Pulogalamu inkatenga maola anayi kapena asanu, ndipo mlendo mmodzi ankatha kukhala nawo pafupifupi onse. Mverani macheza ake ndi Malachi Martin, wansembe wa ku Ireland amene kale anali m'gulu la Ajezuiti ndipo ankakamba za kutulutsa ziwanda. Bell sanali munthu wa tchalitchi cha Martin, koma amamusiya mkuluyo kuti ayale nkhani yake yonse, n'kumangoponya funso pamene womvera wa m'thiraki akanafunsa. Sabata ina mlendo ndi Michio Kaku, katswiri weniweni wa sayansi, ulemu wake ndi womwewo. Apo pali ubwino, ndipo apo pomwepo pali vuto, tifikapo.

Foni yotchuka kwambiri pa zonse ndi ya pa 11 September 1997. Nambala ya ogwira ntchito ku Area 51 ija ili yotsegula, kunaimba mwamuna akulira, mpweya ukumuthera, akuti alibe nthawi, amupeza posachedwa, zolengedwa zimene boma likubisa si zimene anthu akuganiza, ndipo kukubwera masoka. Bell sananene zambiri, amangomulimbikitsa kuti apitirize. Nkhani ili mkati, pulogalamu yonse inazima, setilaiti yataya mawu. Patapita miyezi wina anaimba kunena kuti anali iyeyo ndipo ankangoseweretsa anthu. Ine ndinamvera foni imeneyo 3 koloko usiku, ndikudziwa kale mathero ake, koma tsitsi linaimabe. Muulutsi wamba akanadzaza mpatawo ndi mawu ake. Bell ankadziwa kukhala chete.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri si mbale zouluka ayi. Chaka chilichonse pa Halloween ankachita pulogalamu yotchedwa Ghost to Ghost, usiku wonse anthu wamba akufotokoza za mizukwa imene anakumana nayo. Ukamvera zingapo umayamba kuona kuti zambiri mwa izo ndi nkhani za chikondi ndi za maliro. Mwamuna anamwalira, koma fungo la fodya wake limabwerabe m'chipinda. Mayi anatsikira kuli chete mwana asanapepese, ndiye akubwera kutulo. Munthu akuimba foni ija sakufuna kuti umutsimikizire kuti mizukwa iliko. Akufuna malo amene angatchule wakufayo popanda wina kumuyang'ana ngati wapenga.

Kuntchito kwathu kuli agogo ena aakazi amene usiku amanena kuti amuna awo akhala kumiyendo kwa bedi. Amunawo anamwalira kalekale. Malamulo a ntchito amati tilembe m'buku kuti asokonezeka, ndipo timalembadi. Kale ndinkawauza kuti kulibe munthu, agone, iwo n'kumakwiya mpaka m'mawa. Usiku wina, Bell ali m'khutu, ndinangowafunsa kuti avala chiyani. Anati juzi yabulauni ija yong'ambika pachigongono, imene anawauza kangapo kuti aitaye. Anaseka, n'kugona. Sindinawanamize, sindinanene kuti ndikuwaona. Ndinangofunsa funso. Phunziro limenelo sindinalipeze m'kalasi.

Omvera akenso ankamutenga ngati wachibale. Mkazi wake Ramona atamwalira mwadzidzidzi ndi mphumu mu January 2006, Bell anabwera pa wailesi n'kufotokoza yekha za imfayo, anthu analira naye. Patangopita miyezi itatu anakwatira mtsikana wa ku Philippines, ndipo omvera omwewo ena anakwiya ngati ndi akuchikazi amene sanafunsidwe. Ukalowa m'chipinda cha munthu usiku uliwonse kwa zaka, amayamba kukuona ngati wake. Mawu ako amalemera kuposa mmene iwe ukuwamvera.

Kulemera kumeneko ndi kumene kunaoneka pa nkhani ya Hale-Bopp, nyenyezi ya mchira imene Alan Hale ndi Thomas Bopp anaitulukira mu July 1995. Mu November 1996 Chuck Shramek wa ku Houston, amene ankangokonda kuona nyenyezi ngati chosangalatsa, anaijambula, n'kuona kachinthu kowala pambali pake. Anaimbira Bell kuti pali chinthu chikuitsatira nyenyeziyo. Akatswiri anayankha msanga kuti kachinthuko ndi nyenyezi wamba yodziwika kale, imene inangopezeka kumbuyo kwa chithunzicho. Koma pa pulogalamupo panabweranso Courtney Brown, mphunzitsi wa za ndale pa yunivesite ya Emory, amene ankati ali ndi anthu otha kuona zakutali ndi maganizo okha, ndipo anthuwo aona kuti ndi chombo chachikulu chokhala ndi zamoyo. Anatinso ali ndi chithunzi chochokera kwa katswiri wina amene sangamutchule. Mu January 1997 Bell anaika chithunzicho pa intaneti, ndipo sipanatenge nthawi, akatswiri a ku yunivesite ya Hawaii, Olivier Hainaut ndi David Tholen, anachizindikira kuti n'chawo, wina anangochiwonjezera kadontho. Bell anavomera poyera kuti chithunzicho n'chabodza, ndipo anamupanikiza Brown pa wailesi pomwepo. Pamenepo timupatse ulemu wake. Koma nkhaniyo inali itayenda miyezi iwiri.

Pa 26 March 1997 apolisi anapeza mitembo 39 m'nyumba ina ku Rancho Santa Fe, pafupi ndi San Diego. Anali a gulu la Heaven's Gate la Marshall Applewhite, amene anadzipha pokhulupirira kuti nyenyezi ija ndi chizindikiro choti chombo chodzawatenga chafika. Anthu ambiri analoza Bell chala. Ine sindikuganiza kuti mlandu wa imfa zimenezo ndi wake. Gululo linalipo kuyambira m'ma 1970, chikhulupiriro cha chombocho linali nacho kale, ndipo pa tsamba lawo la pa intaneti analemba okha kuti kaya nyenyeziyo ili ndi chotsagana nacho kaya ilibe, kwa iwo zinalibe kanthu. Chimene sindivomereza ndi chodzitetezera chimene iye ndi omukonda ankabwereza, choti pulogalamuyo ndi yongosangalatsa, iye amangotsegula khomo, omvera ndi akuluakulu asankhe okha. Khomo silitseguka lokha. Ndi iye ankasankha amene abwerenso sabata yamawa. Ndi iye anapatsa munthu woona ndi maganizo mpando ndi mawu aulemu omwewo amene ankapatsa katswiri wa sayansi, ndiye womvera wotopa wa 3 koloko usiku asiyanitsa bwanji? Ndipo pakati pa mafoniwo pankalowa malonda a mawailesi opukusa ndi dzanja, matochi, zakudya zosunga pokonzekera tsoka. Mantha aja anali ndi msika wake. Munthu amene akudya pa khomolo sanganene kuti iye ndi khomo chabe.

Komabe zonsezi ndikanazimeza. Ndikanati chabwino, titenge luso lake, tisamale ndi alendo abodza, basi titsegule mafoni. Chimene chinandiimitsa ndi kukumbukira wailesi imene ndinakula nayo.

Kwathu usiku nyumba yonse inkakhala chete ikafika nthawi ya Nkhani za M'maboma pa MBC Radio 1. Mukuikumbukira. Bambo wina wa m'mudzi wakutiwakuti, mfumu yaikulu yakutiyakuti, wachita zakutizakuti. Mwa nkhani zimenezo munkapezeka za ndege za ufiti zimene zagwa mafuta atatha, munthu n'kupezeka m'mawa ali pabwalo la eni, lichero lili pambali. Nditayamba kumvera Bell ndinati aa, si zomwezi? Iwo mbale youluka, ife lichero louluka. Ndinalembanso zimenezi m'kope langa, ndikudziona wanzeru. Patapita masiku ndinazifufuta, chifukwa si zomwezo. M'mbale ya Bell mumakhala cholengedwa chopanda dzina, chopanda mudzi, chimene palibe angachipeze kuti achigende. Woipa wa nkhani zake ndi boma, asilikali, zamoyo za kumaplaneti ena, zinthu zakutali kapena zamphamvu kuposa womvera. M'lichero mumakhala munthu. Ali ndi dzina, ali ndi khomo limene tonse tikulidziwa, ndipo kawirikawiri ndi wokalamba, wosauka, wachibale.

Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia m'ma 1940 ndi m'ma 1950 n'kulemba buku lake mu 1965, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inkagwa pakati pa abale a mbumba imodzi. Sitinafunikire mzungu kuti atiuze. Mwana akadwala modabwitsa, maso sapita kwa munthu wodutsa pamsewu. N'chifukwa chake mitu itatu imene omvera athu apempha, za uzimu, za m'banja ndi zodabwitsa, kwa Bell inali mitu itatu, koma kwa ife ndi mutu umodzi. Nkhani imayamba ndi loto, imadutsa pa banja limene likugwedezeka, imakathera pa azakhali. Mu January 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana wa zaka 17, anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Lamulo la za ufiti la 1911, limene anatisiyira atsamunda, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma silinawapulumutse agogo amenewo.

Tsono onjezanipo ife a kunja kuno. Mwaonera ma live a pa Facebook ndi TikTok amene anzathu ena amachita usiku. Njira yake ndi ya Bell yeniyeni, kaya anamumvapo kaya ayi: palibe wosefa, lowani mulankhule, ine sindiweruza. Wina akulowa kuchokera ku Cape Town kapena ku Dublin, mapepala akanika zaka zisanu, mkazi wachoka, kutulo akumalota akudya nyama kumanda, ndipo ndithu akudziwa amene anamumanga. Woyendetsa live uja akugwedeza mutu, akufunsa modekha, ngati Bell, kuti ndani. Dzina latuluka. Pasanathe ola wina wadula kachidutswako, kali pa gulu la WhatsApp la banja, m'mawa kafika kumudzi. Ndipo apa pali chinthu chimene sitikonda kuchinena. Wolankhula uja ndi amenenso amatumiza ndalama. Ndi iye analipira fizi ya anyamata a pamudzipo, ndi iye anagula malata. Mawu ake kumudzi si a munthu wolira usiku, ndi a bwana. Iye akagona m'nyumba yokiya ku Dublin. Azakhali akagona m'nyumba ya chitseko cha bango, anyamata amene fizi yawo yaima akudziwa tsopano chifukwa chake. Kumvetsera mosaweruza kuja kwasanduka bwalo la milandu limene woimbidwa mlandu sanaitanidwe.

Mwina muti ndiye tingotseka pakamwa, nkhani zoterezi zisamveke. Zimenezonso zinayesedwapo. Mphekesera za anamapopa zitabuka kum'mwera kwa Malawi kumapeto kwa 2002, njala ili pakati, anthu ankati boma likusinthanitsa magazi awo ndi chimanga cha thandizo. Mu January 2003 apolisi anamanga mtolankhani wa MIJ FM, Maganizo Mazeze, chifukwa choulutsa macheza ndi munthu amene ankati anapopedwa magazi. Kumumanga sikunachotse mantha m'mitima mwa anthu. Mu 2017 mphekesera zomwezo zinabweranso ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo mpaka ku Blantyre, anthu osachepera 8 anaphedwa powaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri oyambawo. Boma likamanga wofunsa mafunso, amene ankakayikira kuti likubisa kanthu amangoti mwaona.

Ndiponso nkhanizi si zopanda nzeru. Harri Englund wa ku yunivesite ya Cambridge, m'buku lake la 2011 lotchedwa Human Rights and African Airwaves, anaunika Nkhani za M'maboma n'kuonetsa kuti mwa nkhani zodabwitsazo anthu osauka ankadzudzula amfumu adyera, abusa achinyengo, olemba ntchito ankhanza, zinthu zimene nkhani za boma za pa wailesi yomweyo sizinkakamba. Ndimagwirizana naye. Munthu akamati andipopa magazi, nthawi zina akunena zoona zenizeni za moyo wake m'mawu amene ali nawo. Koma taonani kusiyana kwake. Nkhani za M'maboma sizinali za foni yolowa pompopompo. Nkhani inkafika, akonzi ankaiwerenga, kuisankha, kuilembanso, ena n'kuitaya. Pakati pa mkwiyo wa wotumiza ndi khutu la dziko panali munthu ndi maola angapo. Kamawu kaja koti "wina", bambo wina, mayi wina, kanali chishango chopyapyala, poti mudzi ukatchulidwa eni mudzi amadziwa, koma kanalipo. Live ilibe ngakhale kameneko.

Ndiye ndinawaimbira achimwene kuwauza kuti gawolo ndilitenga, koma osati la pompopompo. Munthu atumize mawu, ine ndimuimbire, ticheze nthawi yonse imene akufuna, ndifunse mafunso a juzi yabulauni aja, osamuseka, osamulosera. Zimene anaona, zimene analota, mmene thupi linamvera, zonsezo zituluke. Koma chala chikayamba kuloza munthu, kaya ndi dzina, kaya ndi "mlongo wa amayi anga", pamenepo lumo lidutsa, ndipo ndidzamuuza mwini wake kuti ladutsa. Sindimasulira maloto, ndipo sindipereka nambala ya mneneri kapena ya sing'anga aliyense, ngakhale atalipira malonda.

Achimwene sanakondwe. Akuti wapha chinthucho, anthu amakonda live chifukwa sadziwa chimene chituluke. Akunena zoona, ndisaname. Moto wa Bell unali pomwepo, pa batani lija losadziwa amene ali kuseri kwake. Foni ya Area 51 ikanakhala yojambulidwa n'kukonzedwa, palibe akanaikumbukira lero. Chimene ndikupanga chidzakhala chozizirirapo, ndipo amene akufuna kumva dzina la mfiti adzapita kwa anzathu a TikTok, kumene adzalimva. Anandifunsanso funso limene sindinaliyankhe bwino: nanga amene akulozedwayo akakhala kuti anamuchitadi nkhanza wolankhulayo, anamulanda munda, anamumenya ali mwana, ndipo ufiti ndi dzina lokhalo limene wapeza la zimenezo, iwe ukadula si ndiye kuti waima ndi wankhanzayo? Ndinangoti nkhani ya mundayo tingaikambe ngati nkhani ya munda. Anati anthu safika nazo choncho. Tinasiyira pomwepo.

Chilengezo chisanatuluke n'komwe, uthenga woyamba wafika kale, kudzera kwa mnzake wa mnzathu. Ndi mayi, akulankhula motsitsa mawu ngati ali m'bafa kuopa kudzutsa ena, mphindi 7. Wapita padera kawiri kuno kunja. Mphindi zinayi zoyamba akufotokoza loto limene limabwera nthawi iliyonse zisanachitike, ndipo akulifotokoza bwino kuposa wina aliyense amene ndinamumva pa Ghost to Ghost. Pali mtsinje, pali nsalu imene akuichapa koma siyera. Pa mphindi yachisanu akutchula apongozi ake, dzina ndi mudzi womwe. Akumaliza ndi kunena kuti sanauzepo munthu aliyense, ngakhale amuna awo, ndipo akufuna abale amve.

Ndaumvera katatu. Ndawalembera kuti ndiwaimbira Loweruka ndikaweruka, ndipo pa foni yoyambayo sindijambula kanthu. Ayankha kuti ndiimbe isanakwane 9, amuna awo asanabwere ku shifiti.